Dothi Limene Ndinakhuthula Kumtunda kwa Dimba la a Nangozo

Dikirani kaye ndi m'manjamo, abale anga. Mumve zimene ndinachita, kenako muone nokha ngati ndine woyenera kuomberedwa.

Ine ndine Lafayelo, kwathu ndi kwa Kanduku konkuno. Ena mumanditcha bambo a Tadala. Ambiri mumandiona pa lole yodzaza dothi, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Ntchito yanga ndi yochotsa dothi ndi zinyalala pamalo pamene anthu akumanga. Akakumba maziko, dothi lija liyenera kupita kwina. Akagumula nyumba yakale, zidutswa za njerwa, mawaya, misomali, magalasi osweka, matumba a simenti, zonsezo ziyenera kuchoka kuti mmisiri apeze poponda. Nyumba ikatha amatamanda womanga, wochotsa dothi samufunsa n'dzina lomwe. Koma ine ntchitoyi ndimainyadira, ndipo ndikufuna mudziwe kuti kunyadaku ndinakupeza bwanji, chifukwa sikunabwere pa mbale.

Ndinayamba ndi fosholo, kupakira dothi m'magalimoto a eni ake. Kenako ndinaphunzira kuyendetsa, n'kutenga laisensi ya magalimoto akuluakulu. Kontilakita wina amene ankamanga masitolo ndi nyumba zogona alendo pa boma pano anandipatsa tipa, galimoto yonyamula ndi kukhuthula dothi. Masiku amenewo ndinali munthu. Ndikadutsa pamsika ndinkaliza hutala kawiri, anthu n'kumakweza manja. Mkazi wanga Esinati ankagula nyama osafunsa mtengo. Ana athu awiri ankapita kusukulu atavala nsapato.

Mowa ndinauyamba ngati wotsukira fumbi kukhosi. Botolo limodzi poweruka. Kenako awiri. Kenako ndinayamba kutsuka fumbi masana, kenako mamawa fumbi lisanalowe n'komwe. Mabotolo atayamba kundikwerera mtengo ndinatsikira ku kachasu. Inu amene mwakhala panowa simukufunika kuti ndikufotokozereni njira imeneyi, mumaidziwa makona ake onse.

Malipiro atasiya kukwana, ndinapeza nzeru yoipa. A khonsolo anatilozera malo otayirako dothi ndi zinyalala zathu, dzenje lakale limene kale ankakumbamo miyala ya msewu. Kunali kutali ndithu. Kapitawo wathu, a Chikopa, ankandithirira dizilo wokwanira kupita kumeneko ndi kubwerako. Ine ndinapeza kanjira kokhotera kumanzere, pafupi kwambiri, kokathera pamutu pa khwawa lina. Ndinkabwerera chammbuyo mpaka m'mphepete, n'kukweza tipa, dothi khuthuu kunsi. Kenako ndinkaima pamthunzi kudikira kuti nthawi ikwane, n'kupopa dizilo wotsala kuthira m'zigubu. Ogula analipo, kachasu analiponso. Chilimwe chonse ndinkachita zimenezi dzuwa likuswa mtengo. Sindinatsikepo m'galimoto ngakhale tsiku limodzi kuti ndione kuti kunsi kwa khwawalo kuli chiyani.

Kunsi kunali dimba la a Nangozo, mayi amasiye olera ana anayi. Munali tomato, mpiru, chitsime chimene malemu amuna awo anakumba, ndi mitengo ya manachesi makumi awiri ndi itatu imene inali itayamba kumene kubereka bwino.

Mvula yoyamba ya mphamvu itagwa, phiri langa lija linanyamuka lonse. Linatsika ndi khwawa n'kukakhala pa dimba. Kundigwira sikunavute. M'matopemo munali matumba a simenti ndi zidutswa za khoma la penti yobiriwira, la sitolo imene tinagumula, yomwe aliyense pa boma ankaidziwa. Ntchito inatha tsiku lomwelo. Khothi linandipeza wolakwa pa kuba dizilo ndi kutaya zinyalala pamalo osaloledwa, ndipo ndinakakhala kundende miyezi isanu ndi inayi. Potuluka ndinapeza m'nyumba ya lendi muli anthu ena. Esinati anali atatenga ana n'kubwerera kwawo ku Thambani.

Mungaganize kuti ndende inandiphunzitsa. Ayi. Ndinatuluka ndi mkwiyo, ndikudziona ngati wolakwiridwa. Ndinkati madalaivala onse amagulitsa dizilo, bwanji ine ndekha? Ndinayamba kunyamula katundu wa anthu pa depoti, ndikapeza kangachepe n'kuthamangira komwera. Ndinkagona pakhonde la sitolo. Madalaivala a mathiraki opita ku Mozambique, amene kale tinkadyera limodzi, ankandiponyera khobidi pawindo osandiyang'ana kumaso. Pafupifupi chaka ndinakhala choncho.

Tsono mverani apa, chifukwa apa m'pamene pali nkhani.

Unali mmawa wa nyengo yozizira, nthawi ya manachesi. Ndinakhala pansi pafupi ndi pamene maminibasi a ku Blantyre amaimapo, matsire atandigwira. Panadutsa mayi wina atasenza beseni la manachesi, akuyenda motsimphina. Ndinati, "Mayi, ndithandizeniko nachesi mmodzi, kukhosi kwauma."

Anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatula beseni pansi.

"Simukundidziwa eti?" anatero.

Ndinati ayi.

"Ine ndikukudziwani. Ndinu a tipa aja. Kukhothi munkayang'ana pansi, n'chifukwa chake nkhope yanga simukuidziwa. Ndine Nangozo."

Ndinafuna kudzuka kuti ndithawe. Iwo anavula patapata wa kumanja n'kutambasula phazi patsogolo panga. Zala ziwiri panalibe.

"Ndinkafukula matope anu aja ndi manja kufuna chitsime changa," anatero. "Msomali wadzimbiri unandilasa. Bala linavunda, kuchipatala anachita kudula kuti apulumutse phazi. Manachesi awa si anga. Ndimagulitsira anthu, amandipatsa ya sopo."

Ndinati, "Pepani mayi, ndinalakwa. Komatu ndinalipira, ndinakhala kundende."

Anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Munalipira kwa ndani? Kundendeko munkalimira boma. Ine munandilimira chiyani? Pepani sapoletsa chilonda, bambo. Inu munalowa, munatuluka. Dothi lanu lija silinatuluke. Likadali pomwepo."

Sanakweze mawu, sananditukwane. Anatola nachesi mmodzi n'kundiika m'manja.

"Idyani," anatero. "Wa m'munda mwanga sindingakupatseni, munaukwirira."

Anasenza beseni n'kumapita kumawindo a minibasi, akutsimphina.

Abale anga, woweruza anandiyankhula, abusa anandiyankhula, mkazi wanga analira mpaka misozi kuuma, zonsezo zinkangodutsa pamwamba. Koma mawu akuti dothi likadali pomwepo anandikhala pachifuwa. Ine ndine wochotsa dothi. Ndi ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa padziko pano. Ndipo panali dothi langa, lotaya ndekha, limene palibe anachotsa.

Ndinadzuka n'kuyamba kuyenda. Sindinkadziwa kuti ndikukatani. Ndinatsata msewu umene ndinkayenda ndi tipa, n'kukhota pa kanjira kaja. Nditafika pamutu pa khwawa, kwa nthawi yoyamba ndinatsika wapansi. Ndili m'galimoto malowo ndinkangowaonera pagalasi la m'mbali, ndipo pagalasi zinthu zimaoneka zazing'ono. Nditaima kunsi ndinaona kukula kwake. Dimba lonse linali chigumula cha katondo wouma, wong'ambika ming'alu, cholekeza m'chiuno, malo ena m'chifuwa. Mawaya anatulukira ngati mizu. Magalasi ankanyezimira padzuwa. Apa ndi apo nsonga za mitengo ya manachesi zinkasuzumira, zina zouma gwa, zina zili ndi timasamba tachikasu. Ngakhale chisoso sichinamere. Pambali panali kadzenje kosaya, pamene mayi aja anayesa kukumba ndi manja n'kulekera panjira.

Ndinakhala pansi pa kadzenjeko. Sindinapemphere mawu ambiri, sindikunamizeni. Ndinangoti, "Mulungu, ichi ndinachita ndine." Kenako maso anga a ntchito anayamba okha kuyeza. Apa matipa angati, apo angati. Wilibala ingalowere pati, ingatulukire pati. Ndinazindikira kuti papita nthawi yaitali mutu wanga usanaganizepo chinthu china kupatula botolo.

Madzulo ake ndinapita kwa alamu anga a Sitefano, achimwene ake a Esinati, amene amaumba njerwa kunja kwa boma. Sankafuna n'kundiona komwe.

"Alamu, ndibwerekeni wilibala ndi fosholo," ndinatero.

"Kuti mukagulitse mumwere?"

"Ndikufuna kukachotsa dothi ndinataya lija."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Dothi la tipa mukalichotse ndi wilibala? Mwamwa chiyani lero?"

"Lero sindinamwe."

Analowa kuseri n'kutuluka ndi wilibala yakale, yobooka pansi, tayala lake lopanda mpira. Anati, "Iyi ngakhale mutaigulitsa sangakupatseni ya kapu imodzi. Tengani. Mukagona mu shedi ya njerwayo, koma ndikamva fungo la kachasu mutuluka."

Ndinatseka bowo lija ndi chidutswa cha lata, mmawa n'kulawirira.

Masiku oyambirira sindidzawaiwala. Thupi linkafuna mowa ngati mwana wofuna bere. Ndinkasanza, thukuta lozizira lili chuchuchu, fosholo ikugwedezeka m'manja. Tsiku loyamba ndinatulutsa mawilibala asanu ndi awiri okha, n'kugona chagada pa katondo. Tsiku lachiwiri khumi. Pamene ndachotsapo simukanaona n'komwe kuti pachoka kanthu.

Vuto linabuka msanga: dothi ndikuchotsali ndilipititse kuti? Ndikanangolikankhira kunsi, ndikanakwirira munthu wina. Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene zaka zonse za tipa sizinandiphunzitse, chakuti mulu wa zinyalala si chinthu chimodzi. Ndinayamba kusankhula. Katondo payekha. Miyala ndi zidutswa za njerwa pazokha. Mawaya ndi misomali m'thumba. Magalasi m'chidebe, oti ndikakwirire m'dzenje lakuya kutali ndi minda. A Sitefano atabwera kudzaona ngati ndikunama, anafinya katondo uja m'manja n'kunena kuti ndi wabwino kuumbira njerwa, ndipo anayamba kutumiza ngolo kudzatenga. Pa njira yopita kusukulu ya m'mudzimo panali chigwembe chimene chinkameza njira chaka ndi chaka. Ndinapempha akuluakulu a mudzi, anandilola, ndipo miyala ndi zidutswa za njerwa zinkapita kumeneko.

A Nangozo anamva kuti kudimba kwawo kuli munthu. Anabwera, anaima patali, anayang'ana, anabwerera. Masabata atatu osandiyankhula. Tsiku lina ndikukweza piki ndinangomva kumbuyo, "Musatemepo apo. Pansipo pali mtengo." Kuyambira tsiku limenelo ankabwera akaweruka kumsika n'kumandilozera: apa panali mzere wa manachesi, apo panali ngalande, chitsime chili cha uko pafupi ndi mwala waukulu. Anayamba kundibweretsera madzi m'chigubu ndi chinangwa chophika. Nditathokoza anati, "Musathokoze. Mukakomoka ntchito yanga iima."

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinayenda chowongoka. Koma pano tinagwirizana kuti sitinamizana. Patatha miyezi iwiri, thumba la mawaya ndi misomali linadzaza kangapo, ndinapita nazo kwa ogula zitsulo zakale pa boma. Anandipatsa ndalama m'manja. Njira yobwerera inadutsa pakhomo pamene ndinkamwera. Ndinati ndingolowa ndiwapatse moni anzanga. Ndinatuluka patatha masiku atatu, wopanda nsapato.

Tsiku lachinayi ndinadzuka ndi manyazi oti sindingathe kuwafotokoza. Mtima unkati basi, waonatu, ndiwe yemwe uja, usapitenso. Koma miyendo inanditengera kudimba. Wilibala panalibe. Ndinati basi yabedwa, zathera pompa. Ndinapita kunyumba kwa a Nangozo, ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde.

"Ndinaganiza kuti simubweranso," anatero osadzutsa mutu.

"Ndinagwa, mayi."

"Ndinamva. Anthu anakuonani." Anapeta nyemba zija kawiri, n'kuuzira mankhusu. "Wilibala yanu ili kuseriko, ndinaisunga kuti ana asaseweretse. Dzuwa likukweratu."

Ndinakatenga wilibala misozi ikutsika.

Kugwa kumeneko kunandiphunzitsa kuti kulumbira pakamwa sikukwanira. Ndinawauza a Sitefano kuti ndalama ya zitsulo ndi ya katondo isamafike m'manja mwanga, azingoitumiza pafoni kwa Esinati ku Thambani. Ndinasiya kudutsa njira ya pakhomo paja, ndinkazungulira kumtunda ngakhale kunali kutali. Ndipo Loweruka lotsatira ndinalowa m'chipinda chino cha olimbana ndi mowa, n'kukhala pa benchi ya kumbuyo iyo, pamene mwakhala achimwene a malaya ofiirawo. Ndinanena pamaso pa anthu kuti mowa unandiposa mphamvu. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero zapita zaka zisanu, sindinalaweko.

Koma nthawi inali itanditsalira pang'ono. Kunayamba kutentha, mitambo inayamba kusonkhana cha kumapiri a kumalire. Pamutu pa khwawa panali patatsala mulu waukulu umene unali usanatsikebe, koma unali utayamba kung'ambika. Mvula ikanandipeza, mulu umenewo ukanatsika n'kukwirira zonse zimene ndinafukula. Ndinkayamba kusanatenthe, kuweruka dzuwa litalowa. Manja anachita matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panamera zikanga. Ndinawerengera n'kuona kuti ndekha sindimaliza.

Sindinapemphe munthu, ndinalibe nkhope yopemphera thandizo. Koma chigwembe cha njira ya kusukulu chija chinali chitadzaza, ana ankadutsa osazungulira, njinga za kabaza zinayamba kufika mpaka m'mudzi. Mmawa wina ndinapeza amuna anayi ataima pamutu pa khwawa, aliyense ndi fosholo yake. Mmodzi anati, "A tipa, tiuzeni poyambira." Dzina limeneli kale linali chitonzo, koma tsiku limenelo linamveka mwina. Mawa lake anabwera asanu ndi awiri, ndi amayi ena onyamula ndi ndowa. A Sitefano anabweretsa ngolo yawo okha. Ine amene ndinawaonongera malo ndi amene ndinkawauza kuti ichi uko, ichi kuno, samalani magalasi. Mulu wa kumtunda unatha m'masabata awiri.

Chitsime tinachipeza Lachinayi masana. Piki inagunda njerwa zoyalidwa mozungulira. A Nangozo anakuwa, "Ndi chimenecho! Bambo awo a ana anayala okha njerwa zimenezo!" Ndinalowamo ndekha, sindinalole wina aliyense, chifukwa sindinkadziwa kuti m'matopemo muli chiyani. Ndinkadzaza ndowa, anzanga n'kumakoka ndi chingwe. Masiku awiri ndili m'menemo. Tsiku lachitatu ndinamva kuzizira kumapazi, ndikayang'ana madzi akutumphuka pakati pa zala zanga, ofiira kaye, kenako n'kumayera. Kumwamba amayi anayamba nthungululu. A Nangozo sanaimbe nthungululu. Anakhala pa mwala waukulu uja, atafunditsa nkhope ndi chitenje.

Ndisakongoletse nkhani. Pa mitengo makumi awiri ndi itatu ija inapulumuka isanu ndi umodzi yokha. Zala za a Nangozo sizinamerenso, amatsimphinabe mpaka lero. Zilipo zinthu zimene wilibala singabweze. Koma mvula itagwa, madzi anatsika ndi khwawa ali oyera n'kudutsa m'ngalande yake. Tinadzala mbande zatsopano za manachesi, ndipo ndinkapita kukathirira mpaka zinagwira. Chaka chatha zinabereka koyamba. A Nangozo akugulitsa zawozawo tsopano.

Esinati anabwera sabata imene tinapeza chitsime. Achimwene ake ankamuuza pafoni koma sankakhulupirira. Anatsika pa kabaza, anazungulira dimba lonse, kenako anandigwira manja n'kuwatembenuza kuona zikanga.

"Bambo a Tadala, zonsezi ndi manja awa?"

"Ndi manja awa, ndi a anthu a m'mudzi muno."

"Ndalama zija zinkafika," anatero. "Poyamba ndinkaganiza kuti achimwene akungondimvera chisoni, akunamizira inu."

Ndinamufunsa ngati abwerera. Anati, "Osati lero. Ndione kaye dzinja lonse." Ndipo anaonadi dzinja lonse, mkazi ameneyu sachita zinthu mothamanga. Anabwera ndi ana titakolola.

Ntchito inabwera mwa njira imene sindinkaiyembekezera. A Chikopa, kapitawo amene anandichotsa ntchito uja, ananditumira uthenga. Anali ndi malo omanga kuseri kwa msika, mothinana, moti tipa singalowe. Dothi la maziko linali litaunjikana mpaka amisiri kusowa podutsa.

"Ndamva zimene wachita," anatero. "Koma ndikufunse funso limodzi, Lafayelo. Dothi langali ukalitaya kuti?"

Ndinati, "Bwana, ndisakuyankheni pakamwa. Tiyeni ndikakuonetseni."

Ndinawatengera kwa a Sitefano, kumene katondo adzapite. Ndinawatengera kwa bambo wina amene bwalo lake linkadikha madzi, wofuna dothi lokwezera. Ndinawaonetsa chigwembe china chimene eni mudzi anavomera kuti tithiremo miyala. Zotsala zopanda ntchito, ndinati, zipita kudzenje la khonsolo, ndipo mudzatume munthu wanu akwere nawo aone. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ukanakhala wotere kale, bwenzi pano uli ndi tipa yako." Ntchito anandipatsa.

Ndinayamba ndi mawilibala atatu ndi amuna awiri a m'mudzi mwa a Nangozo. Lero tilipo khumi ndi mmodzi, atatu ndi amayi, ndipo anayi anachokera pa mabenchi omwe mwakhalawa. Laisensi yanga ndinaikonzetsa. Lole imene mumandiona nayo ndi yakale, imatsokomola pokwera chitunda, koma ndi ya gulu lathu. Pa boma pano munthu akakumba maziko amadziwa woitana. Ku Thambani atakulitsa masitolo ena, anatiitana ife.

Pa gulu lathu tili ndi lamulo limene sitiphwanya. Fosholo isanalowe m'dothi, ndimapita ndekha wapansi kukaona kumene dothilo likagone, ndipo ndimatsika mpaka kunsi kuona kuti madzi akabwera alitengera kwa yani. Ngati kunsiko kuli munda, chitsime, manda, kapena khomo la munthu, sititaya. Eni malo akapanda kuvomera, sititaya. Dothi lakuda la pamwamba sitilisakaniza ndi katondo, chifukwa a madimba amalifuna. Aliyense amavala mabuti, ndipo misomali timaitola mpaka womaliza. Malipiro timalandira Loweruka m'mawa, osati madzulo, ndipo amene akudziwa kuti ndalama imamuyabwa m'manja amatchula munthu wa kwawo woti azimulandirira. Palibe amamuseka, chifukwa woyamba kuchita zimenezo ndinali ine.

Mayesero sanathe. Miyezi yapitayi bwana wina wochokera kutali, womanga malo aakulu, anandiitanira pambali. Anati kudzenje la khonsolo n'kutali, pali dambo pafupi, tingokhuthula mmenemo msanga, andiwonjezera kenakake. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene tinagwirapo. Anzanga ankandiyang'ana, ena ana awo anali atabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa fizi. Ndinapita kukaliona dambolo. Amayi ankachapa kunsi kwake, ng'ombe zikumwa. Ndinabwerera n'kuwauza bwanawo kuti, "Dothi lanu ndilinyamula, koma osati kupita uko." Anakwiya, ntchito anapatsa ena. Mwezi umenewo tinadya movutika. Koma tsiku lijalo pobwerera pa lole, mayi wina wa gulu lathu, a Nabanda, anati, "A Lafayelo, mukanavomera ndikanatula fosholo pompo." Ndinayendetsa lole ija mutu uli m'mwamba ngati ndanyamula mkwati.

Tsono inu amene mwabwera koyamba lero, manja akunjenjemera pansi pa benchi, ndikukuonani, ndipo sindikukusekani. Sindikudziwa chimene munakhuthula, kapena pakhomo pa yani. Mwina ndi pa mkazi wanu, mwina pa ana, mwina pa amayi anu okubalani. Inu mukudziwa. Musadikire kuti mtima uyere kaye kenako mudzapite. Pitani mukaone ndi maso anu, muyambe ndi kochepa kamene manja anu angathe lero. Mukagwa, musatumize uthenga, pitani nokha ndi manyazi anuwo. Ndipo musayende nokha, muuzeko munthu mmodzi amene sangakunyengerereni.

Lolemba tikuyamba ntchito kuseri kwa chigayo cha kumsika, sikisi koloko m'mawa. Pali dothi la maziko a nyumba ziwiri, ndipo ndikusowa anthu atatu. Mafosholo ndili nawo, mabuti ndili nawo. Musabwere mutamwa. Koma ngati mwadzuka ndi matsire a dzulo, thupi likukana, bwerani choncho, mukatola misomali mpaka manja akhazikike. Ndikakudikirani pa geti.